Apolisi amamvera yani? Mbiri yake tikaionera ku Lukusuzi

M'midzi yozungulira nkhalango ya Lukusuzi mlandu uli ndi njira yake yoyendamo. Ng'ombe ikabedwa, kapena anthu akatemana polimbirana malire a munda, nkhani imayambira kwa nyakwawa. Ikakula imakwera kwa mfumu, ndipo kapaso ndiye amatumidwa kukatenga wolakwa. Njovu zikalowa m'chimanga timathamangira kwa asikauti a zanyama. Wapolisi amabwera pomalizira, kawirikawiri pakakhala magazi kapena mtembo. Sikuti anthu a kwa Chikomeni, kwa Mwasemphangwe, kwa Mwanya kapena kwa Chitungulu amadana ndi apolisi ayi. Apolisiwo ali kutali, alipo ochepa, ndipo misewu yathu nthawi ya dzinja tonse tikuidziwa.

Tikamacheza timati vuto ndi umphawi wa dziko. N'zoona, koma ngakhale wosauka amasankha poika kochepa komwe ali nako. Mbiri ya upolisi m'dziko lino ikutiphunzitsa kuti wapolisi amaima pamene womulipira wamuimika, ndipo amayankha kwa amene anamulemba ntchito. Choncho mafunso ndi atatu. Amalipira ndani? Amalemba ndi kutumiza ndani? Nanga akalakwa amakayankha kwa yani? Tiyeni tiwatsate mafunsowa kuchokera kumene anayambira.

Apolisi a kampani

Oyamba kulamulira dziko lino m'dzina la Britain sanali boma, inali kampani ya Cecil Rhodes yotchedwa British South Africa Company. Mu 1889 kampaniyi inalandira chikalata kwa Mfumukazi Victoria choilola kupanga malamulo ndi kukhala ndi apolisi akeake. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera kutsidya, dziko lomwe lero ndi Malawi, anagonjetsa Angoni a Mpezeni. Nsingu, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondo, anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Fort Jameson, Chipata wa lero, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia pansi pa Robert Codrington. Kuno kunakhazikitsidwa gulu lotchedwa North-Eastern Rhodesia Constabulary, ndipo kumadzulo kunali Barotse Native Police.

Kampani imafuna phindu, ndipo eni ake anali ku London. Msonkho wa nyumba unayamba kutoleredwa kuno mu 1901. Ntchito yaikulu ya anthu a yunifolomu inali kuonetsetsa kuti msonkho waperekedwa, amtengatenga apezeka, ndipo palibe mfumu yodzutsa mutu. Wakuba mbuzi m'mudzi sanali kuwadetsa nkhawa eni kampani. Mbuzi yobedwa sinali kuchepetsa kalikonse m'mabuku a ku London.

Mu 1911 zigawo ziwirizi zinaphatikizidwa kukhala Northern Rhodesia, ndipo magulu awiri aja anasanduka Northern Rhodesia Police. Dzina linali la upolisi koma ambiri a iwo anali asilikali enieni. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anamenyana ndi Ajeremani kumalire a kumpoto, ndipo mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anadzatula zida ku Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 Novembala 1918. Boma la Britain linatenga dziko m'manja mwa kampani mu 1924. Mu 1932 m'pamene upolisi unalekanitsidwa ndi usilikali, ndipo chaka chotsatira mbali ya asilikali inatchedwa Northern Rhodesia Regiment. Motero kwa zaka zoposa 30 zoyambirira, wapolisi ndi msilikali anali ana a nyumba imodzi. Chizolowezi cha nthawi imeneyo, choona anthu ngati oyenera kugonjetsedwa, sichinathe tsiku lomwe maina anasintha.

Mesenjala, kapaso ndi wa gemu

Nanga kumidzi ngati kwathu kuno ankasunga bata ndani? Mapolisi ambiri anamangidwa m'mbali mwa njanji, kuchokera ku Livingstone mpaka ku migodi, ndi m'malo ngati Fort Jameson kumene azungu ankalima fodya. Pa Boma ngati Lundazi mphamvu inali kwa bwana DC ndi amesenjala ake. Mesenjala ankanyamula makalata, kuitana anthu ku milandu, kugwira othawa msonkho, ndi kuperekeza bwana pa ulendo woyendera midzi wapansi kapena pa njinga.

Lamulo la 1929 linapatsa mafumu udindo woyendetsa madera awo ndi mabwalo awo a milandu, ndipo lamulo la 1936 linawalola kukhala ndi thumba la ndalama, momwe munkalowa gawo la msonkho ndi zindapusa za kubwalo. M'thumba limeneli ndimo munkachokera malipiro a alembi ndi akapaso. Apa pali chinthu choyenera kuchiona bwino. Wosunga bata amene munthu wa m'mudzi ankamudziwa, kapaso, ankalipidwa ndi ndalama za m'dera momwemo, ankadziwika makolo ake, ndipo akachita nkhanza anthu ankadziwa khomo lokadandaula. Koma mfumu imene ankaimvera nayonso inkamvera DC, ndipo DC akanatha kuichititsa kuti ichotsedwe pa mpando. Chingwe chinali chachitali, koma nsonga yake inali m'dzanja lomwe lija.

Munthu wachitatu wa yunifolomu anali wa gemu. M'zaka za m'ma 1940 boma linakhazikitsa nthambi yoona za nyama ndi kashembe, pamene madera aakulu a chigwa cha Luangwa ndi mapiri ake anali atayamba kale kupatulidwa kuti akhale osungiramo nyama. Lukusuzi inali imodzi mwa malo amenewa, ndipo mu 1972 inakwezedwa kukhala paki, yokula makilomita 2,720 m'bwalo lake lonse. Alenje amene kale ankalemekezedwa chifukwa chodyetsa mudzi anasanduka opalamula. Kuyambira nthawi imeneyo, wa mfuti ya boma amene anthu a kuno ankamuona kawirikawiri anali wotumidwa kudzateteza nyama. Woteteza anthu anali pa Boma.

Kumene kunali mkuwa

Chimene chinakulitsa upolisi m'dziko lino ndi mkuwa. Mu Meyi 1935 boma linakweza msonkho wa anthu a m'matauni mwadzidzidzi, ndipo ogwira ntchito ku migodi ya Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope ananyanyala ntchito. Ku Luanshya apolisi anawombera n'kupha anthu 6. Mu 1940 kunabukanso sitalaka, ndipo ku Nkana asilikali anawombera, anthu 17 n'kufa. Maulendo onse awiri boma linaika komishoni yofufuza. Phunziro limene olamulira anatolapo linali lakuti pafunika apolisi ambiri ophunzitsidwa kubalalitsa chigulu cha anthu. Mu 1949 kunakhazikitsidwa gulu la Mobile Unit, lomwe mpaka lero timalidziwa ndi dzina la Kamfinsa.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, ndale zinatentha ndipo ndalama za apolisi zinachuluka. Sukulu ya apolisi ya Lilayi inatsegulidwa mu 1955. Chaka chomwecho kunabwera lamulo loona za bata pakati pa anthu, limene linadzakhala Public Order Act. Mu Malichi 1959 chipani cha Kenneth Kaunda cha Zambia African National Congress chinaletsedwa ndipo atsogoleri ake anatumizidwa kumadera akutali. Mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, apolisi ndi asilikali anathiridwa m'zigawo za Kumpoto ndi Luapula. Tikaona kumene apolisi atsopanowa ankatumizidwa, tipeza kuti ankatsata zinthu ziwiri: chuma cha wolamulira ndi mantha ake. Dera lopanda mgodi, lopanda njanji, lopanda msonkhano woopsa boma, linkatsala ndi mesenjala ndi kapaso.

Usiku wa ku Lundazi

Mtengo wa kachitidwe kameneka tinaulipira ife a kuno. Mpingo wa Lumpa, umene Alice Lenshina anayambitsa ku Chinsali pambuyo pa 1953, unafalikira kwambiri m'boma la Lundazi, lomwe nthawi imeneyo linkafika mpaka ku Chama. Pofika 1963 anthu a Lumpa ndi a chipani cha UNIP anali kuotcherana nyumba ndi matchalitchi. A Lumpa ambiri anachoka m'midzi yawo n'kukamanga midzi yamalinga. Mu Julayi 1964, Kaunda ali kale nduna yaikulu, nkhondo inabuka ku Chinsali ndipo bwanamkubwa Evelyn Hone analengeza malamulo a nthawi ya chipwirikiti.

Mbandakucha wa pa 3 Ogasiti 1964 anthu a Lumpa ochokera ku mudzi wa Chipoma analowa pa Boma la Lundazi. Analanda polisi, natenga mfuti, ndipo pa Boma ndi m'midzi yozungulira anafa anthu oposa 100. Tsiku lomwelo mpingowo unaletsedwa. M'mawa mwake asilikali anafika ku Chipoma n'kupha anthu pafupifupi 80. Patapita masiku ochepa, anthu a m'midzi anakabwezera okha ku Paishuko, kumene anapha a Lumpa 46, ambiri mwa iwo akazi ndi ana. Lenshina anadzipereka pa 11 Ogasiti. Chiwerengero cha boma chinati onse amene anafa pa chipwirikiti chonsecho anaposa 700.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati ya chipembedzo ndi ndale, ndipo ndi yotero. Komanso ndi nkhani ya upolisi. Moto unafuka kwa chaka chathunthu. Anthu ankaotcherana nyumba, kuopsezana, kuthamangitsana m'minda, ndipo panalibe apolisi okwanira okhala pakati pa anthu kuti agwire wolakwa mlandu ukadali waung'ono. Boma lalikulu chotere linali ndi polisi yoti n'kugwa usiku umodzi. Mphamvu ya boma itafika, inafika ndi mfuti za nkhondo. Pamene palibe wokatula mlandu anthu amaweruza okha, ndipo chiweruzo cha mkwiyo sichisankha mwana kapena nkhalamba.

Ufulu unasintha nkhope

Pa 24 Okutobala 1964 gululi linakhala Zambia Police Force. Mu Novembala 1965 Michael Mataka anakhala mwana wa dziko lino woyamba kulitsogolera. Azungu anachoka pang'onopang'ono ndipo ana athu anakwera maudindo. Chimenechi chinali chonyaditsa. Koma kamangidwe ka nyumba kanatsala komwe kaja: gulu limodzi la dziko lonse, mkulu wake wosankhidwa ku likulu, ndalama zake zochokera ku likulu. Mphamvu za mafumu zinachepetsedwa. Matumba awo a ndalama anapita ku makhonsolo, ndipo lamulo la 1966 linapatsa mabwalo aang'ono oweruza awoawo. Kapaso anatsala, koma tsopano ngati wothandiza mfumu wolipidwa ndi boma.

Panalinso zifukwa zenizeni zosungira mphamvu pamalo amodzi. Ian Smith atalanda ulamuliro ku Rhodesia mu 1965, dziko lathu linazingidwa ndi adani, ndipo gulu la Paramilitary linakhazikitsidwa kuti lilondere malire, milatho ndi malo ena ofunika. Ife a Kum'mawa tikukumbukira za nkhondo ya ku Mozambique, ndi zigawenga za Renamo zimene zinkaoloka malire ku Chadiza, Katete ndi Petauke chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Komabe malamulo a nthawi ya chipwirikiti, amene anabwera chifukwa cha Lumpa, sanachotsedwe mpaka Novembala 1991. Kwa zaka 27 munthu ankatha kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Mu 1973, pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unkakhazikika, udindo wa Inspector General unayambika ndipo woyamba anali Fabiano Chela.

Mtengo wa mkuwa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, thumba la boma linauma. Magalimoto a apolisi anakhala pa miyala, nyumba za m'makampu zinang'ambika, malipiro anadyedwa ndi kukwera kwa mitengo. M'zaka za m'ma 1980 boma linayesa kutseka mpatawu ndi mavijilanti, anyamata osankhidwa kudzera m'nthambi za chipani. Amene anakhalako m'matauni akukumbukira momwe ankavutitsira amayi m'misika ndi m'mizere yogulira unga. Ichi ndi chenjezo kwa ife tonse amene timalakalaka apolisi a kwathu. Kupatsa anthu a m'dera mphamvu yogwira anzawo, popanda maphunziro, popanda malipiro, popanda wowafunsa, kumabala nkhanza ina yapafupi.

Wolondera alonda

Funso lachitatu, lakuti wapolisi akalakwa amayankha kwa yani, linayamba kufunsidwa poyera pambuyo pa 1991. Komishoni ya Bruce Munyama, imene inaikidwa mu 1993, inamva umboni wa anthu amene anazunzidwa m'zitolokosi, m'nthawi ya UNIP ndi ya MMD yomwe. Pa mlandu wa Christine Mulundika ndi anzake 7, khoti la Supreme linagamula kuti kukakamiza anthu kupempha chilolezo cha msonkhano n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Nyumba ya Malamulo inasintha lamulolo mu 1996 kuti anthu azingodziwitsa apolisi, ngakhale kuti zipani zotsutsa za nthawi zonse zakhala zikudandaula kuti chidziwitsocho chimagwiritsidwa ntchito ngati chilolezo.

M'zaka zomwezo, Francis Ndhlovu ali mkulu wa apolisi, kunayamba ntchito yosintha gululi kuti likhale lotumikira anthu. Kunabadwa Victim Support Unit, imene yathandiza amayi amasiye olandidwa katundu, ana ogwiriridwa ndi akazi omenyedwa. Lamulo la 1999 linaikhazikitsa mwalamulo, ndipo linapanganso bungwe lolandira madandaulo a anthu pa apolisi. Lamulo limeneli linaganizirako a kumidzi, chifukwa linalola kuti dandaulo liperekedwe kudzera kwa mkulu wa khonsolo ya m'dera. Malamulo aakulu a dziko a 2016 analemba dzina lakuti Zambia Police Service, nakhazikitsa Police Public Complaints Commission ya madandaulo ndi Zambia Police Service Commission yoona za kulemba, kukweza ndi kulanga apolisi.

Mabungwewa alipo ndipo ndi abwino kukhala nawo. Koma tiyeni tione kumene zingwe zikuthera. Mkulu wa apolisi amasankhidwa ndi Pulezidenti ndipo amachotsedwa ndi Pulezidenti. Boma litasintha mu Ogasiti 2021, Kakoma Kanganja anachoka n'kulowa Lemmy Kajoba, ndipo mu Epulo 2023 analowa Graphel Musamba. Bungwe la madandaulo limafufuza ndi kupereka malangizo, koma olanga ndi ena. Pa 23 Disembala 2020 anthu awiri, mmodzi wa iwo loya wa boma, anawomberedwa ku Lusaka pafupi ndi likulu la apolisi pamene khamu linaperekeza Hakainde Hichilema kukafunsidwa. Nkhaniyo inagwedeza dziko chifukwa inachitikira pakati pa likulu, pamaso pa atolankhani. Tidzifunse kuti ikanachitikira m'mphepete mwa mtsinje wa Lukusuzi ikanamveka mpaka pati.

Ndalama nazo zimayenda njira yomweyo. Bajeti ya apolisi imakonzedwa ku Lusaka pansi pa unduna wa za m'dziko, imavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo gawo lalikulu limathera ku malipiro. Zotsala zogulira mafuta, matayala ndi mapepala zimatsika kuchokera ku likulu kupita ku Chipata, kuchokera ku Chipata kupita pa Boma, mtunda wa makilomita pafupifupi 180, kenako n'kufika ku mapolisi aang'ono. Madzi oyenda mumfuleni wautali amafika kumapeto atachepa. N'chifukwa chake m'madera ambiri a kumidzi wodandaula amauzidwa kuti galimoto ilipo koma mafuta palibe. Khonsolo ili ndi apolisi ake, koma ntchito yawo ndi ya m'misika, m'masiteshoni ndi malamulo aang'ono a khonsolo. Khansala amene tinamusankha alibe mawu pa chiwerengero cha apolisi a m'wadi yake.

Kwa anzathu akutali

Mkangano umenewu si wathu tokha. Ku America mizinda yambiri ili ndi apolisi akeake omvera meya, koma mzinda wa St. Louis m'chigawo cha Missouri unalandidwa apolisi ake ndi boma la chigawo mu 1861, pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni. Unawalandiranso mu 2013, ndipo mu 2025 boma la chigawo linawatenganso. Mzinda wa Kansas City, m'chigawo chomwecho, uli pansi pa ulamuliro wotere kuyambira 1939, ndipo lamulo limaukakamiza kupereka gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zake kwa apolisi amene suwalamulira. Anthu a kumeneko amadandaula kuti thumba ndi lawo koma mawu ndi a wina.

Komanso tisaiwale chimene chinachititsa kuti Kansas City ilandidwe apolisi. Pamene anali m'manja mwa mzinda, anasanduka antchito a wandale wina wamphamvu, Tom Pendergast, ndipo ziphuphu zinafika posauzana. Choncho ulamuliro wapafupi uli ndi matenda ake, wakutali ulinso ndi ake. Wapafupi umagwidwa msanga ndi mwini ndalama wa m'dera. Wakutali suona, sumva, ndipo umatumiza anthu kumene kuli mantha ake. Kwa ife palinso china: boma losauka ngati Lumezi likanati lizilipira lokha apolisi, likanakhala ndi ochepa kuposa lero. Thumba limodzi la dziko lonse ndilo lingathe kutengera za ku Solwezi kuti zithandize kwa Kazembe.

Phunziro la ku paki

Kuno kwathu tinaonapo kale zimene zimachitika gulu la yunifolomu likauzidwa kudzipezera lokha ndalama. Lamulo la 1998 linapanga bungwe la ZAWA kuti liziyang'anira nyama ndi kudzilipira kuchokera ku ziphaso za alenje ndi alendo. Mapaki okhala ndi alendo ambiri, ngati South Luangwa, anapeza chisamaliro. Lukusuzi, yopanda malo ogona alendo ndi misewu yabwino, inatsala ndi asikauti owerengeka. Anthu analowamo kukalima, ena kukakumba miyala ya mtengo wapatali imene dera la Lundazi limadziwika nayo. Zaka zinapita boma likuyang'ana kumbali. Kenako chakumapeto kwa 2015 mabanja ambiri anatulutsidwamo nthawi imodzi, mvula ili pafupi. Kachitidwe kake n'komwe kaja ka 1964: kusowa kwa nthawi yaitali, kenako kufika ndi mphamvu zonse.

ZAWA inathetsedwa ndi lamulo la 2015, ndipo ntchito yake inabwerera m'boma pansi pa nthambi ya mapaki ndi nyama. Chaka chomwecho Zambia ndi Malawi anasainirana pangano losamalira pamodzi nkhalango za m'malire, kuphatikizapo Kasungu ndi Lukusuzi. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu, mothandizidwa ndi mabungwe akunja. Njovu sizidziwa malire a dziko. Midzi ya mbali zonse ziwiri yalira minda, nkhokwe ndi miyoyo. Ndalama zonyamulira njovu pa malole zinapezeka. Zoikira anthu okwanira oti afike msanga usiku njovu zikalowa m'mudzi zakhala zovuta kupeza. Apanso wa yunifolomu waima pamene womulipira anaona kuti m'pofunika.

Tsono lero tili pati?

Zinthu ziwiri zasintha m'zaka zaposachedwa. Mu 2018 boma la Lundazi linagawidwa patatu, kukhala Lundazi, Lumezi ndi Chasefu, ndipo Lukusuzi inagwera ku Lumezi. Boma latsopano limafuna polisi yake, nyumba za apolisi, chitolokosi ndi khoti, ndipo zimenezi sizimera tsiku lolengeza. Chachiwiri ndi thumba la CDF, limene linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsityuwensi iliyonse mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Kuchokera m'thumba limeneli munagulidwa magalimoto 156 a apolisi, imodzi pa konsityuwensi iliyonse, ndipo madera ambiri akumanga mapolisi aang'ono ndi ndalama zomwezi.

Kuyambira pamene matumba a mafumu anatsekedwa, sizinachitikepo kuti ndalama zochuluka chotere zokhudza chitetezo zidutse m'manja mwa makomiti a m'dera. Koma taonani pamene tafika. Ife tikumanga nyumba ndi kugula galimoto, pomwe wolemba apolisi, wowatumiza, wowasamutsa ndi wowalanga akadali ku Lusaka. Tayamba kufanana ndi anthu a ku Kansas City. Polisi yomangidwa bwino, yopakidwa utoto, ingathe kukhala chaka yotseka chifukwa palibe wotumizidwako, kapena wotumizidwayo alibe nyumba yogona ndi banja lake. Galimoto ya CDF ingathe kuthera mafuta ake kuperekeza akuluakulu pa misonkhano.

Sitikupempha kuti mfumu kapena khansala akhale ndi apolisi ake. Mavijilanti anatiphunzitsa, ndipo makada a zipani amene analanda misika ndi masiteshoni zaka zapitazi anatikumbutsanso. Tikupempha zinthu zoti n'kuchitika popanda kusintha malamulo aakulu a dziko. Komiti ya chitukuko ya wadi isanavomereze kumanga polisi, pakhale kalata yochokera kwa akuluakulu a apolisi yonena kuti adzatumizako angati ndiponso liti, ndipo nyumba zawo zimangidwe pamodzi ndi ofesiyo. Phungu wathu afunse m'Nyumba ya Malamulo kuti boma la Lumezi liyenera kukhala ndi apolisi angati, alipo angati, ndipo ndalama za mafuta zimafika zingati pa mwezi. Mayankho a mafunso otere amalembedwa ndipo aliyense angathe kuwawerenga. Mkulu wa polisi wa m'boma azikhala pansi ndi khonsolo, mafumu ndi magulu a chitetezo a m'midzi kangapo pa chaka, anene milandu imene analandira ndi imene anaimaliza. A nthambi ya zanyama akhalepo pa msonkhano womwewo, popeza kwa ife njovu ndi mbala zimalowa m'munda umodzi. Ndipo pakhomo la khonsolo ndi pabwalo la mfumu pakhomedwe chikalata, m'Chinyanja ndi m'Chitumbuka, chofotokoza kumene munthu angakatule dandaulo wapolisi kapena sikauti akamulakwira.

Tiyeneranso kunena chilungamo za apolisi eniakewo. Mnyamata kapena mtsikana wochokera ku Lilayi amene watumizidwa kumudzi wopanda magetsi, wopanda nyumba, wopanda njinga yamoto, ndiye woyamba kuvutika ndi dongosolo limeneli. Sanasankhe yekha kukhala awiri pa dera la anthu zikwi zambiri. Tikamafunsa za chiwerengero ndi za mafuta, tikumufunsiranso iyeyo.

Kampani ya Rhodes inaika apolisi pamene panali msonkho. Boma la atsamunda linawaika pamene panali mkuwa. Maboma athu awaika kawirikawiri pamene pali mpando wofunika kuutchinjiriza. Msonkho tikupereka tonse, pa shuga, pa sopo, pa mafuta ndi pa mayunitsi a foni, ndiye kuti olipira enieni ndife. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Msonkhano wa komiti ya wadi ukaitanidwa kuti tisankhe ntchito za CDF za chaka chamawa, tipiteko ndi mafunso atatu aja, ndipo tisavomere njerwa tisanamve za anthu odzakhalamo.